Kodi nyimbo ndi zimene zikupha anyamata ku Chicago?

Mnyamata wachikuda akawomberedwa kudera la South Side mumzinda wa Chicago ku America, anthu ambiri amafulumira kuloza chala nyimbo za drill, mtundu wa nyimbo za rap zomwe zinabadwira kuderali kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2010 ndipo zimatamanda mfuti ndi kubwezera. Ife amene timafufuza za umbanda sitikana kuti nyimbozi zimasonkhezera moto, chifukwa woyimba akanyoza mnyamata wa gulu lina amene anaphedwa n'kuika nyimboyo pa YouTube, chipongwecho chimamvedwa ndi anthu zikwizikwi, ndipo anzake a malemuyo amaona kuti akakhala chete atengedwa ngati amantha. Koma motowo unayaka kale nyimbozi zisanabwere. Mu 1974 mumzindawu munaphedwa anthu 970, nyimbo za rap zisanayambe n'komwe kugulitsidwa m'masitolo, pomwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, rap yotamanda uchigawenga ikugulidwa ngati mandasi otentha, kuphana m'dziko lonselo kunkatsika chaka ndi chaka.

Gwero lenileni lili m'mbiri ya maderawa. Pakati pa 1910 ndi 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka kummwera kwa dzikolo pothawa tsankho ndi kufuna ntchito, ndipo amene anafika ku Chicago anaunjikidwa m'madera ochepa omwe mabanki ankakana kuperekako ngongole zogulira nyumba. Mabanjawa ankadalira mafakitale, koma fakitale ya zitsulo ya Wisconsin Steel inatsekedwa mu 1980, ndipo ya South Works inatsatira mu 1992. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, William Julius Wilson, anafotokoza kuti ntchito zikatha m'dera, sindalama zokha zimene zimasowa. Maukwati amachepa, masitolo amatsekedwa, amene ali ndi kangachepe amasamuka, ndipo mwana amakula osaona wamkulu akulawirira kuntchito.

Zina mwa zimene boma linachita pofuna kukonza zinthu zinabweretsa mavuto atsopano. M'zaka za m'ma 1990 atsogoleri a magulu akuluakulu a zigawenga monga Gangster Disciples anamangidwa, ndipo pofika mu 2007 nyumba 28 zosanja za Robert Taylor Homes, zomwe boma linamangira anthu osauka, zinali zitagwetsedwa, anthu ake n'kumwazikira m'madera a eni. Magulu aja anagawikana kukhala timagulu ta msewu umodzi kapena iwiri, topanda wamkulu woletsa ndewu, moti lero anthu ambiri amafera mkangano waung'ono, osati malonda a mankhwala ozunguza bongo ayi.

Sukulu nazo zinalowa m'nkhaniyi mu 2013, pamene mzindawu unatseka sukulu pafupifupi 50 nthawi imodzi, zambiri za ana akuda. Kwa akuluakulu a mzinda nkhani inali ya makalasi opanda ana, koma kwa mwana zinatanthauza kudutsa m'misewu ya gulu lodana ndi la kwawo m'mawa uliwonse, mpaka panafunika kuwonjezera anthu olembedwa ntchito yoima m'njira n'kumayang'anira ana popita ndi pobwerera.

Nanga chikhalidwe chofuna kuopedwa chimene chimamveka m'nyimbozi chimachokera kuti? Kwa zaka zambiri apolisi a ku Chicago akhala akulephera kugwira opha anthu pa milandu yoposa theka, ndipo kumene wakupha amayenda momasuka, mnyamata amaphunzira msanga kuti chitetezo chake ndi mbiri yoti iye sasewera naye. Mboni zimaopa kulankhula, milandu imazizira, kubwezera n'kukhala khoti la m'deralo. Mfuti nazo sizisowa, popeza zina mwa izo zimalowa kuchokera kuchigawo choyandikana cha Indiana kumene malamulo ogulira ndi ofewa. Tisaiwalenso kuti owombera ndi owomberedwa ndi kagulu kochepa ka anyamata odziwana, pomwe anthu ambiri a m'maderawa sanagwirepo mfuti.

Umboni umene ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi wa kafukufuku wa Sara Heller, amene anatsatira ana a sukulu a m'madera achiwawa omwe anapatsidwa ganyu wa milungu isanu ndi itatu patchuthi cha 2012. Pa miyezi 16 yotsatira, kumangidwa kwawo pa milandu ya chiwawa kunachepa ndi 43 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sanapatsidwe ganyuyo, ngakhale palibe anawauza kuti asiye kumvera drill.