Lekani kuuza ana kuti alibe mutu wa sukulu

Ndatopa kumva makolo, ngakhale aphunzitsi anzanga, akunena mwana ali pomwepo kuti "uyu alibe mutu wa masamu, anatengera bambo ake." Mwanayo amamva, ndipo amakhulupirira. Akangoika mumtima kuti nzeru n'zobadwa nazo, funso lililonse lovuta amaliona ngati umboni woti iye ndi mbuli, basi amalithawa. Kulimbikira kumamuchititsa manyazi, poti kwa iye anzeru savutika.

Kuyamikira kosaganiza bwino kumawononganso. Mu 1998, akatswiri ofufuza za kaganizidwe ka anthu, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anapatsa mafunso ana a zaka pafupifupi 10. Ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Atapatsidwa mafunso ovuta n'kulephera, otamidwa nzeru aja anagwa mphwayi, anayamba kukhoza mochepa kuposa poyamba, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse ananama za malikisi awo.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa sandichoka m'mutu. Ku pulayimale ankakhala nambala wani chaka ndi chaka, aliyense akumutchula kuti katswiri. Atafika ku sekondale, algebra inamuvuta, monga imavutira ana ambiri. Sanafunse. Ankaphimba kope ndi dzanja ndikamadutsa, tsamba lokhala ndi cholakwa ankaling'amba n'kulembanso bwinobwino. Kenako anayamba kudwala tsiku lililonse la mayeso. Kwawo anadikira chaka chathunthu akuti ziwongokera zokha, poti mwana wanzeru sangalephere. Pomwe ankabwera kudzatiuza, mwanayo anali atagamula kale kuti sukulu si yake.

Komano chenjerani ndi anthu otsatsa masemina, mapulogalamu a pafoni ndi mapiritsi "otsegula ubongo". Kafukufuku wamkulu wa mu 2019 ku America, wa ophunzira oposa 12,000, anapeza kuti kuphunzitsa ana zoti ubongo umakula ukamagwiritsidwa ntchito kunathandiza makamaka osachita bwino m'kalasi, ndipo malikisi anakwera pang'ono chabe. Wokulonjezani kuti mwana asintha pa sabata imodzi akufuna ndalama zanu. Kungouza mwana kuti "limbikira" osamusonyeza njira ina yowerengera ndi nkhanza.

Ndipo mwana amene akuyesetsa koma zilembo zikumusokoneza, kapena amatsinzinira akamayang'ana pabolodi, musamatayitse nthawi ndi malangizo. Akamupime maso ndi makutu, aonedwenso ngati ali ndi dyslexia (vuto lovutika kuwerenga ndi kulemba mawu), teremu ino isanathe.