Ndelema sadziwika ndi kuyera ngati kakowa

Mvula ikangoyamba mu Disembala, kuchipatala kuno ku Kasungu ndimayamba kumva mawu omwewo kwa anthu amene adwala atadya bowa: "Adokotala, unali woyera mbee ngati kakowa, ndiye tinati ndi ndelema." Mawu amenewa andikwana.

Kakowa mumamudziwira patali, n'zoona. Koma taonani kumene amayenda: kudambo, m'mphepete mwa Bua, pambuyo pa ng'ombe kutola ziwala. Ndelema sakhala kumeneko. Amamera m'nkhalango, pansi pa mitengo ya mombo ndi mtondo, chifukwa moyo wake umadalira mizu ya mitengoyo. Choncho bowa woyera amene mwazula pa udzu pafupi ndi khola, pomwe kakowa amaponda, si ndelema. Ulipo wina wokonda malo oterewo umene kunsi kwake kumabiriwira ukakula, ndipo umasanzitsa ndi kutsegula m'mimba pasanathe maola 3.

Umenewo sundiopsa kwambiri chifukwa umafulumira kudziulula. Woopsa ndi uja umayamba wakhala chete maola 6 mpaka 24. Ndi pachibale ndi ndelema, nawonso umatuluka m'kathumba konga dzira. Munthu amasanza tsiku limodzi, kenako amaoneka ngati wachira, pomwe poizoni akudya chiwindi.

Mpaka lero ndimakumbukira kamtsikana kena kochokera cha ku Santhe. Banja lonse linadya, akuluakulu anasanza n'kupeza bwino. Mwanayo anamupatsa mkaka, kenako anapita naye kwa sing'anga amene anamumwetsa mizu yoti asanze. Tsiku lachiwiri anadzuka n'kuyamba kusewera, agogo ake n'kunena kuti mankhwala agwira. Anafika naye kwa ife tsiku lachinayi maso ali achikasu, sakuzindikira ngakhale mayi ake. Tinayesetsa, koma sanabwerere kwawo. Agogowo ankangobwereza kuti akhala akuzula bowa kuyambira ali namwali, ndipo sindikukayika. Koma tsikulo amene anazula anali ana.

Musandiuze kuti nyerere zinali kudya, ndiye ndi wabwino. Nyerere ilibe chiwindi ngati chanu. Kuwiritsa kawiri, kuyanika kapena kuthira phulusa sikupha poizoni ameneyu. Wina akayamba kusanza atadya bowa, bwerani nonse amene munadya tsiku lomwelo, ngakhale amene akumva bwino, ndipo mutenge bowa wotsala, kaya wam'mphika kaya wam'lichero, kuti tiuone.