Batani la AUTO lija pa 4x4 yanu limatani kwenikweni

Mvula ikangoyamba ku garaja kwathu dandaulo limakhala limodzimodzi, amakaniki galimoto yangayi ndi 4x4 koma yatitimira m'matope popita kumudzi, nde ndikafunsa kuti batani linali pati amati pa AUTO, mmene anandiuzira wondigulitsa. Ndiye lero tikambe za AUTO ameneyu.

Tiyambire pa Hilux zakale zija zokhala ndi kandodo kachiwiri pambali pa giya. Kumbuyo kwa giyabokosi kuli kabokosi kena kotchedwa transfer case, mukaika kandodoko pa 4H kuti matayala onse anayi azikoka, shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa pamodzi nganganga, liwiro limodzi. M'matope ndi zabwino zedi. Koma pa tala mukamakhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo kuposa akumbuyo, nde poti amangidwa chiwongolero chimalimba, matayala kumalira, galimoto kumangoti njowinjowi, mwinanso zitsulo kuthyoka kumene. Nchifukwa chake timati 4H pa tala wouma ayi.

AUTO anabwera kudzathetsa vuto limenelo. M'malo momanga ndi mano achitsulo anaikapo klachi, timbale topyapyala tambirimbiri tosanjikizana tili mu oyilo. Timbaleti tikamasuka galimoto imayendetsedwa ndi matayala awiri, pa X-Trail ndi RAV4 akutsogolo, pa mapikapu ngati Ford F-150 kapena Ranger zatsopano zokhala ndi 4A, yemwe ndi AUTO yemweyo, akumbuyo. Wofinya timbaleti ndi kompyuta, kudzera pa maginito kapena kamota kakang'ono, ndipo maso ake ndi masensa omwe aja a mabuleki a ABS ali pa wilo lililonse, kuphatikizapo kuona mmene mwapondera mafuta ndi mmene mwakhotetsera chiwongolero. Ikaona kuti mbali ina ikuzungulira msanga kuposa inzake imadziwa kuti kwaterera, imafinya, mphamvu nkupita kwa matayala amene agwira pansi inu musanamve nkomwe, ndipo zambiri zimafinyiratu ponyamuka pomwe. Chimene chimandisangalatsa ine nchoti imatha kufinya pang'ono kapena kwambiri malinga ndi msewu, nde pa tala wonyowa kapena msewu wa miyala mumangodutsa bwinobwino popanda kulimba kuja. CR-V zakale zinkachita zomwezi popanda kompyuta, zili ndi mapampu awiri a oyilo ku difu yakumbuyo, liwiro likasiyana oyiloyo ndi amene amafinya klachi, ndipo oyilo wake ndi wakewake, musathiremo wina aliyense.

Koma abale, klachi ndi klachi basi. Tikitani zikhatho zanu mwamphamvu muone kutentha kwake, ndi zimene timbale tija timakumana nazo mukakhala mu mchenga wa ku Senga Bay kapena m'dambo mukungopondabe mafuta matayala akukumba. Tikatentha kwambiri kompyuta imatimasula kuti tisapse, kagetsi ka 4WD pa dashibodi nkumaphethira, pamenepo mwabwerera pa matayala awiri pomwe mukufunitsitsa anayi. Imani, idikireni izizire, phwetsaniko mpweya wa m'matayala pang'ono ngati uli mchenga. Ngati pali batani la LOCK, lomanga klachi ija, dinani musanalowe pamalo ovutawo osati mutatitimira kale, koma dziwani kuti pa RAV4 imadzimasula yokha mukapitirira makilomita 40 pa ola, komanso timagalimoto ngati RAV4, X-Trail ndi CR-V tilibe 4L, giya yamphamvu yokwawira ija ya Hilux ndi Prado.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya matayala. Ndikudziwa ndalama ndi yovuta, munthu tayala likaphulika umangogula limodzi la kaunjika limene wapeza, bola lalowa pa limu. Koma kompyuta ija sidziwa kuti tayalalo ndi laling'ono, imangoona kuti likuzungulira msanga. Tiwerengere limodzi. Tayala loti likazungulira kamodzi layenda mamita 2 limazungulira ka 500 pa kilomita, linzake likamaperewera masentimita 2 okha pa mamita 2 amenewo liwonjezera ka 5, pa ulendo wa makilomita 300 ndi ka 1,500, ndipo akakhala kuti akutsogolo ndi akumbuyo asiyana chonchi timbale tija timangokhulana ulendo wonse pa tala wabwinobwino.

Mayi wina anabwera ndi ka SUV kake akuti kakunjenjemera pokhota, kutsogolo kunali matayala atsopano a 70, kumbuyo akutha a 65 (nambala yapakati ya saizi yolembedwa pa tayala), ndipo anayenda nawo chonchi miyezi. Titamasula klachi ija oyilo anali bii, fungo ngati nkhoko zopserera, timbale tasintha mtundu ndi moto. Ndinawauza kuti mayi, tikaika ina matayala ali omwewa ipsanso, yambani mwagula anayi a nambala imodzi, ngati ili 215/65 R16 akhale choncho onse kuphatikizapo la sipeya, mpweya wofanana. Anapukusa mutu atamva mtengo wa klachi yakaunjika yokha, unali woposa wa matayala awiri amene ankazemba kugula aja.