Za mafunso a nkhawa ku kiliniki ya BP ndi shuga, tiyankheko

Chiyambireni kufunsa odwala BP ndi shuga za nkhawa tisanawayeze, madandaulo achuluka kuno ku Salima, ena pa benchi ena pa WhatsApp, nde ife ogwira ntchito pa kiliniki tati tiyankhe kamodzi.

Tsiku la kiliniki lasintha?

Ayi, ndi lomwe lija. Buku lakuchipatala musaiwale.

Ine ndabwerera mapilitsi, zamaganizo zikulowapo bwanji?

Munthu akamada nkhawa thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, BP imakwera, olo shuga amatha kukwera. Abwera bambo wausodzi, mankhwala akumwa bwinobwino koma makina akungopitirira 140/90, ukafunsitsa upeza kuti ndi ngongole ya ukonde, mwera waomba sabata yonse sanalowe panyanja, usiku akungotembenuka pamphasa. Pamenepo kuonjezera mapilitsi pakokha sikuthandiza kwenikweni. Nchifukwa chakenso pa maphunziro a m'mawa aja nkhani ya mchere ndi mafuta tikuiphatikiza ndi ya tulo ndi nkhawa.

Nde mukutiyesa amisala eti?

Ayi ndithu amayi, ayi abambo. Kuganiza kwambiri si misala, ndipo palibe amene akutumizidwa ku Zomba chifukwa wanena kuti sakugona. Mafunsowo alipo 9, za masabata awiri apitawa basi: tulo, kudya, kutopa, kusasangalala ndi zina.

Tamva kuti olowa mchipinda cha uphungu akulandira ya thiransipoti, nanga ife bwanji?

Apa timvetsetsane bwino chifukwa ndi pomwe pavuta. Uphungu ndi waulere ngati thandizo lina la chipatala cha boma, wina akakuuzani kuti mulipire kaya "ya fanta" mutiuze. Koma ndalama yopatsa odwala ife tilibe, sitinalonjezepo, ndipo kulowa mchipindamo sikulembetsa dzina kuti mudzalandire kanthu. Mwina mphekeserayi yachokera poti mabungwe ena akamachita kafukufuku amabwezera anthu ya ulendo, zimenezo zimakhala zawo ndipo sitingaziyankhire. Tikudziwa kuti kabaza kuchokera kumidzi yakutali sikutchipa, ena mumachita kugulitsa nkhuku, nde pomwe zatheka timayesetsa kuti tsiku la uphungu likumane ndi lotenga mankhwala, koma sitinganene kuti zizitheka nthawi zonse. Amene amalowa mchipinda cha uphungu ndi omwe mayankho awo aonetsa kuti akufunika thandizo, kapena wopempha yekha, osati poti ndi m'bale wa nesi monga ena akunenera. Chonde osanamizira kuti zinthu zavuta poganiza kuti kuli envelopu, mukutsekereza anzanu ovutikadi.

Ndikamacheza ndi aphungu ndisiye mankhwala?

Ayi! BP ndi shuga sizichoka ndi kucheza, pitirizani kumwa mpaka adokotala anene okha.

Mzere watalika, mukuona?

Tikuona, zoona watalika. Koma si mafunso okha, munthu amayenera kukhala pansi mphindi 5 asanayezedwe BP, ukangotsika panjinga thukuta lili kamukamu nambala imanama. Komanso antchito ndife ochepa, izi sitibisa.

Anthu panja samamva zomwe ndikunena?

Apa mwatigwira. Chipindacho chagundana ndi pomwe anthu amadikirira ndipo zenera silitsekeka bwino, tinakanena kale. Pakadali pano mukaona kuti nkhani yanu njovuta, muuzeni nesi mukakhale pansi pa mtengo wa mango kuseri kuja.