Sikuti Vinyo Wofiira Aliyense Amakoma Akakhalitsa

Ambiri amakhulupirira kuti vinyo wofiira akamakhalitsa m'botolo ndiye amakomerakomera, koma zoona zake n'zakuti vinyo wochuluka amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka zochepa, ndipo Beaujolais Nouveau, vinyo wina wa ku France, sayenera kudikira ngakhale chaka chathunthu. Amene amapirira zaka ndi wokhala ndi asidi wokwanira komanso tanini wambiri (chinthu choumitsa m'kamwa chochokera m'makoko ndi m'njere za mphesa), monga Barolo wa ku Italy kapena vinyo wabwino wa ku Bordeaux ku France.

Akadali watsopano, vinyo wotereyu amaumitsa m'kamwa. Pakapita zaka 10 kapena 20 tanini amafewa, mtundu umayamba kufanana ndi wa njerwa, nsenga zimadikha pansi, ndipo fungo la zipatso limasanduka la chikopa ndi dothi lonyowa. Komabe nayenso amawonongeka ngati botolo silinagonekedwe pamdima pozizira madigiri pafupifupi 13, chifukwa botolo likaimikidwa chotsekera chake chimatha kuuma, ndipo chikauma mpweya umalowa.