Yezani mpope musanagule makina

Munthu akayamba kudziumbira yekha zipolopolo za mtovu, funso loyamba limene amandifunsa ndi loti agule makina ati ofinyira zipolopolozo ndi kuziika phula. Ine ndimayamba ndamufunsa ngati anayeza mpope wa mfuti yake. Ambiri amakhala asanaganizeko n'komwe, chonsecho kusankha konse kumayambira pamenepo.

Chipolopolo chikatuluka m'chikombole chimakhala chisanathe. Kawirikawiri chimakhala chonenepa pang'ono, ndiponso sichibulungira bwinobwino, makamaka pa mzere umene mbali ziwiri za chikombole zimakumana. N'chifukwa chake timachidutsitsa m'kachitsulo kabowo kotchedwa sizing die, kuti chifinyike n'kufika pa muyezo umodzi ndi zinzake. Chimafunanso phula lolowa m'tingalande tozungulira thupi lake, kuti mtovu usamakanirire mu mpope.

Tsono apa ndi pamene ambiri amasochera. Akaona mtovu utamatirira mu mpope amathamangira kusintha phula, kapena kulimbitsa mtovu wawo. Koma nthawi zambiri vuto limakhala loti chipolopolo n'choonda. Chikapanda kutseka mpope bwinobwino, mpweya wotentha wa wonga umapeza podutsa m'mbali mwake, n'kumanyotsola mtovu ndi kuupaka m'kati monse. Palibe phula, ngakhale lodula bwanji, limene lingachize zimenezi. Ndipo chipolopolo cholimba kwambiri chikakhala choonda chimaipitsa zinthu, chifukwa sichifufuma kuti chitseke mpatawo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Onetsetsani kuti m'mfuti mulibe kanthu, pakani mafuta mu mpope, kenako tengani kanthuli ka mtovu wofewa, wosasakaniza ndi china chilichonse, konenepa pang'ono kuposa bowo. Kakankheni pang'onopang'ono ndi ndodo yamkuwa mpaka katulukire mbali ina. Ndodo yachitsulo ayi, imakanda mpope. Kanthuliko kayezeni ndi micrometer, kachipangizo koyezera kunenepa kwa tinthu ting'onoting'ono, pamene patukuka kwambiri, ndipo pa nambala mwapezayo onjezani 0.001 kapena 0.002 ya inchi. Umenewo ndiwo muyezo wa die yoti mugule. N'chifukwa chake pa 9mm ambiri amafinyira pa .356 kapena .357, pa .38 Special pa .358, pa .45 ACP pa .452. Manambalawa ndi poyambira chabe, mfuti yanu ndiyo yonena. Pa revolver, mfuti yam'manja yokhala ndi silinda yozungulira yosungiramo makatiriji, yezaninso makomo a silindayo, chifukwa chipolopolo chimadutsa mmenemo chisanafike mu mpope.

Mukadziwa muyezo, ndiye tikambe za makina.

Njira yotchipa ndi die ya kampani ya Lee, yomwe imamangidwa pa press (chipangizo chopanikizira) yomweyo imene mumadzazira makatiriji. Mumaika chipolopolo pa kamtengo kachitsulo, kutsitsa chogwirira, ndipo chimalowa chamutu n'kutulukira pamwamba m'kachidebe. Phula siiika. Mumathira madontho a Liquid Alox, phula lamadzimadzi, m'mbale, kugubuduza zipolopolo mpaka zonse zitayanga, n'kuziyanika usiku wonse. Zimanata m'manja, utsi umachulukirako powombera, koma kwa munthu wongoyamba kumene amene akuumbira mfuti yam'manja, ine sindiona chifukwa chowonongera ndalama zambiri kuposa apa. Ubwino wina ngwakuti chipolopolo chimakankhidwa kumatako, choncho mutu wake suphwanyika.

Makina monga Lyman 4500 ndi RCBS Lube-A-Matic amachita zonse ziwiri nthawi imodzi: chipolopolo chimatsikira m'die, phula limakankhidwa kudzera m'timabowo ta m'mbali n'kudzaza tingalande, kenako chimakweranso n'kutuluka. Amamanganso bwino gas check, kachipewa kamkuwa kovala kumatako a chipolopolo chothamanga kwambiri. Ma die a makina awiriwa amasinthana, zomwe zimathandiza mukafuna kugula ogwiritsidwa kale ntchito. Koma kumbukirani kuti mtengo wa makina si wokhawo. Muyezo uliwonse umafuna die yake, ndipo mutu uliwonse wa chipolopolo umafuna top punch, kachitsulo kokankhira chipolopolo kumutu, yogwirizana nawo. Ndaonapo munthu akudandaula kuti zipolopolo zake zikumwazika, titayang'ana n'kupeza kuti punch yosagwirizana inkazilowetsa chopendekera. Ngati mukufuna phula lolimba, losanata, mudzafunanso kachotenthetsera, apo ayi phulalo siliyenda. Lofewa, monga losakaniza theka phula la njuchi theka Alox, limayenda lokha.

Star, mtundu wina wa makina ofinyira ndi kuika phula, ndi ya anthu oumba zambirimbiri. Chipolopolo chimalowa pamwamba n'kugwera pansi, chotsatira chikukankha chinzake, ndiye ntchito imathamanga. Kuichuna kumafuna kuleza mtima, ndipo ngati mumasinthasintha mitundu ya zipolopolo idzakutopetsani.

Masiku ano ambiri asiya phula n'kuyamba kukuta zipolopolo ndi penti yaufa. Amazigubuduza mu ufawo, kuziwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200 a Celsius kwa mphindi 20, zikazizira n'kuzidutsitsa m'die ya Lee. Utsi umachepa, m'manja simunata. Ngati mtima wanu uli kumeneko, makina oika phula musagule n'komwe, angokhala. Koma uvuni umenewo usadzaphikirenso chakudya, ndipo mukagwira mtovu sambani m'manja ndi sopo musanadye. Izi sindinena mwamwambo chabe, mtovu ukalowa m'thupi suchoka msanga, ndipo ana ndi amene umawapweteka kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene makina alionse sangakuchitireni. Die imangochepetsa, siinenepetsa. Ngati chikombole chanu chikutulutsa .355 pomwe mukufuna .357, vuto lili pa chikombole kapena pa msakanizo wa mtovu, ndipo muyambe mwakonza kumeneko. Chachiwiri, nambala yolembedwa pa die musaikhulupirire musanayeze chimene yatulutsa, chifukwa mtovu wolimba umabwerera pang'ono ukatuluka.

Musanafinye zipolopolo mazana, pangani katiriji imodzi yopanda wonga ndi primer (kachitsulo koyatsira wonga), muone ngati ikulowa m'mfuti mosakakamiza. Chipolopolo chonenepa chimatukula khosi la katiriji, ndipo mfuti zina zimakana kutseka. Ikakana, tsikani ndi 0.001, muyesenso.