Khutu lokha silikhozetsa mayeso a Chingerezi

Makolo ambiri kuno ku Harare, makamaka ife a ku Mbare ndi ku Highfield, timawauza ana kuti pa mafunso osankha chiganizo cholondola aja angowerenga chamumtima, chomwe chikumveka bwino ndiye yankho basi. Langizo limeneli ndi lakale koma lagwetsa ana ambiri pa mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zimbabwe, kuyambira a Grade 7 mpaka a O Level.

Vuto ndi lakuti khutu la mwana linazolowera Chingerezi cha mu kombi ndi cha pa WhatsApp, ndiye akaona "We discussed about the issue" kapena "One of my friend is sick" zimamveka bwinobwino poti aliyense amayankhula choncho, pamene zolondola ndi "We discussed the issue" ndi "One of my friends is sick". Olemba mafunso amadziwa zimenezi, amaika dala zoterezi kuti mwana akodwe.

Chofunika ndi kufufuza mwininkhani kaye, kenako muone ngati mneni akugwirizana naye. "The list of names is on the wall" ndi cholondola chifukwa chili pakhomapo ndi list, osati names. Ngakhale m'Chichewa timati mndandanda wa mayina uli pakhoma, palibe amati ali, nde bwanji pa Chingerezi timasokonezeka?

Zoti chiganizo chachitali chamawu akuluakulu ndicho cholondola nazonso ndi bodza, kutalika sikukonza galamala. Ndipo popanda C wa Chingerezi pa O Level makoleji ambiri sakulandira.